Kalata kwa mwana wanga Nabanda: amayi oimba amene ndimawakonda

Wokondedwa mwana wanga Nabanda,

Ndikhulupirira uli bwino ku Lilongweko. Kuno ku Ntchisi tilipo, kungoti chisanu chafika msanga chaka chino, m'mawa phiri silioneka ndi nkhungu. Soya tinakolola, chimanga chili m'nkhokwe. Bambo ako akupereka moni.

Nyimbo unanditumizira pa foni zija ndamvera zonse. Unandifunsa kuti oimba aakazi amene ine ndimawakonda ndi ati, ndipo mafunsidwe ako anaonetsa kuti ukukayika ngati mayi wa Chigwirizano ngati ine angakhale nawo. Ndili nawo, mwanangu, ambirinso. Ndasankha kukuyankha poyera chonchi chifukwa si iwe wekha mtsikana amene wagwira gitala n'kumva abale akunong'onezana kuti waonongeka.

Ndiyambe ndi wako uja, Dolores O'Riordan wa gulu la The Cranberries. Poyamba magitala ake anandisokosera. Koma mawu ake, mmene amawathyolera pakhosi n'kuwakweza mwadzidzidzi, ndinawazindikira msanga, poti ndi mmene amalirira mayi m'nyumba ya siwa. Nyimbo ya Zombie, imene inatuluka mu 1994, anaipeka atamva za ana awiri amene anaphedwa ndi bomba m'tauni ya Warrington ku England mu 1993, pa mkangano wa ku Northern Ireland. Iyeyo anali mwana wa kumudzi, kufupi ndi Limerick ku Ireland, ndipo kuimba anakuphunzirira m'tchalitchi cha Katolika, monga achitira atsikana a kwaya ku Nambuma ndi ku Mpherere. Anamwalira mu 2018 akadali ndi mphamvu zake. Wasankha bwino, usachite naye manyazi.

Koma ndikufuna udziwe kumene iweyo wachokera. Amayi a m'mapiri ano akhala akupeka nyimbo kuyambira kalekale. Zigayo zisanadzaze ku Mponela, ku Madisi ndi ku Malomo, pamtondo ndi pamene mkazi ankanenera zakukhosi. Mwamuna akapita ku Theba n'kusanduka mtchona, apongozi akamamuvutitsa, mkazi mnzake wa pamitala akamuchita chipongwe, zonse ankaziika m'nyimbo, minsi iwiri ikusinthana mumtondo umodzi. Mudzi wonse unkamva, wonenedwayo ankadzidziwa, koma panalibe woti angakamusumire kwa amfumu. Pa chisamba eni nyimbo ndi anamkungwi, ndipo m'tsimba ng'oma amaimba okha amayi, mwamuna sapondamo. Chimtali ndi chathu, chitelera ndi cha atsikana. Ngakhale Gule Wamkulu amene a UNESCO anamulemekeza mu 2005, chilombo chikatulukira pabwalo popanda amayi ovomera nyimbo ndi kuomba m'manja, gule sakoma, limangokhala fumbi.

Tsopano tanditchulira dzina la mayi mmodzi amene anapeka nyimbo ya chimtali imene umaidziwa. Sungathe. Timangoti ndi ya makolo, ngati kuti inagwa ndi mvula, chikhalirecho alipo mayi amene anagona nayo mumtima, n'kudzuka nayo, n'kukaiyesa pachitsime anzake akumuseka mpaka itakhazikika.

Nthawi ya Kamuzu, ine ndili mtsikana, amayi a kuno ankakwera malole atavala nsalu za nkhope ya Ngwazi, kupita kukavina ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Nyimbo zambiri zotamanda zija ankapeka ndi amayi a m'midzi, ena osadziwa n'kulemba komwe, ndipo zinali ndi luso loti ngakhale odana ndi ulamulirowo ankapezeka akuziimba chamumtima. Koma ankangoti mbumba za ku Dowa, mbumba za ku Ntchisi. Luso linali lawo, ulemu unkapita kwa wina. M'masiku omwewo lamulo la 1973 linkaletsa mkazi kuvala thalauza kapena siketi yaifupi, ndipo ku Dzaleka, ku Dowa, kunali ndende ya anthu oganiziridwa kuti akutsutsa boma. Mkazi ankaloledwa kuimba mokweza pokhapokha akamatamanda.

N'chifukwa chake ndimavulira ulemu mkazi aliyense amene anaima kutsogolo kwa bandi ndi dzina lakelake. Mayi Maria Chidzanja Nkhoma, amene anatisiya mu 2021, anali woimba, wochita zisudzo komanso muulutsi wa pa wailesi, ndipo anayamba pa nthawi imene mkazi woimba usiku m'hotela ankamutchula maina oti sindingawalembe m'kalata ya kwa mwana wanga. Ethel Kamwendo anayamba ali kamtsikana, kuimba ndi alongo ake mu Kamwendo Brothers Band, kenako m'mabandi ena, asanatembenukire ku nyimbo zauzimu n'kukhala Ethel Kamwendo Banda amene iwe wamudziwa. Anthu ena amakamba ngati moyo wake unayamba tsiku limene anasiya nyimbo za chikunja. Ine ndimakana. Mawu amene anadzaimbira Mulungu anawasulira m'mabandi momwemo, usiku ndi usiku, pamaso pa anthu ovuta kuwasangalatsa.

Ukandipanikiza kuti nditchule mmodzi yekha, ndi Grace Chinga. Ankapeka yekha nyimbo zake, ndipo Chichewa chake chinali chakupsa, cha mikuluwiko, choti ukamva umayamba wakhala chete kuti uchigaye. Sankaimba ngati munthu amene zonse zikumuyendera. Ankaimba ngati mayi amene ananenedwapo, amene anadikirapo yankho lochedwa, amene amapita ku tchalitchi Lamulungu atagona akulira Loweruka. Mawu ake anali okhuthala, ochokera pansi pa chifuwa, ndipo sankawakometsera kuti amveke ngati a kunja. Chimbale chake cha Udzayimba Nyimbo chitatuluka unkachimva paliponse, m'maminibasi a ku Mponela, m'maokala a pa Ntchisi boma, kumaliro ndi kumaukwati komwe. Ndikudziwa amayi amene sakanatha kufotokozera abusa kapena ankhoswe zimene ankakumana nazo m'banja, koma akamva Grace ankangoti, ndi zimenezotu. Anamwalira mu March 2016 asanakwanitse n'zaka 40 zomwe. Kuno tinalira ngati wafa mwana wa m'mudzi muno, chonsecho ambiri a ife sitinamuonepo ndi maso. Ana ake, Steve Spesho ndi Miracle Chinga, anatenga maikolofoni, ndipo ndimawamvera ndi mtima wa kholo.

Mwina ukuti Grace ndi wa nyimbo zauzimu, sakhudzana ndi magitala olira amene iwe umakonda. Dziwa kuti gitala lamagetsi ukulimbana nalolo, mmodzi mwa anthu oyamba kuliliza mwa njira imene inadzabala nyimbo za rock anali mayi wa nyimbo zauzimu, Sister Rosetta Tharpe wa ku America, m'zaka za m'ma 1940. Anyamata ngati Elvis Presley anatengera kwa iye, iwo n'kutchuka, iye n'kuiwalika kwa zaka zambiri. Wina akadzakuuza kuti gitala ndi la amuna, udzamutchulire dzina limeneli.

Ifenso za kunja tinkazimvera, usaganize kuti mwayamba ndinu. Wailesi inali imodzi yokha, MBC, koma makaseti ankabwera ndi anthu ochokera ku Joni ndi ku Zambia. Yvonne Chaka Chaka, Mbilia Bel, Tshala Muana, ndi Brenda Fassie amene nyimbo zake zinkadzutsa ndi nkhalamba zomwe pa perekaniperekani. Koma amene anandigwira mtima ndi Tracy Chapman. Mu 1988, pa chikondwerero cha zaka 70 za Nelson Mandela ku Wembley, Mandelayo akadali m'ndende, mtsikana wakuda wopanda zodzoladzola anaima yekha ndi gitala pamaso pa khamu losaoneka malire, n'kuimba za umphawi, anthu n'kukhala chete. Ife kanema tinalibe, poti TV Malawi inadzayamba mu 1999, choncho tinayamba tamva mawu ake pa kaseti, nkhaniyo n'kudzaimva pambuyo. Ena tinkatsutsana ngati woimbayo ndi mwamuna kapena mkazi.

Atsibweni ako anabwera kudzandiuza kuti mbumba yawo singamaimbe m'malo a mowa. Ndinawayalira mphasa n'kuwamvetsera mpaka atamaliza, poti ndi eni mbumba, ndiponso mantha awo si opanda pake. Alipo okonza zoimbaimba amene salipira, ndipo alipo a m'masitudiyo amene amafuna zina kwa mtsikana asanamujambule nyimbo. Zimenezi uzidziwe, ndipo usamapite kokajambula wekha kwa munthu amene sukumudziwa. Koma ndinawafunsa atsibweni akowo kuti bwanji mnyamata akapita kukavina mganda kumidzi yakutali timati akusunga chikhalidwe, pomwe mlongo wake akanyamula gitala timati watayika. Sanandiyankhe. Potsanzika anapempha kuti ndiwaikire nyimbo yako imodzi pa foni yawo.

Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo atsikana a dziko lino asonyeza kale zimenezi. Malia anabadwira kuno ku Malawi, anapita ku London ali mtsikana, n'kudzalandira mphotho ku Germany ndi chimbale cholemekeza Nina Simone, koma mu 2016 anatulutsa china n'kuchitcha Malawi Blues/Njira. Hazel Mak anabweretsa mphotho ya AFRIMA mu 2018. Keturah, mwana wokulira kumudzi, anakajambula chimbale chake cha 2023 ku California akuimba m'Chichewa, ndipo John Densmore wa gulu la The Doors anamuimbirako ng'oma. Taona, munthu wa rock yemwe iwe umamuwerenga m'mabuku akuperekeza nyimbo ya Chichewa. Sangie analowa mu rege, mmene munadzaza amuna, n'kupezamo malo ake. Ndipo ku Music Crossroads ku Area 23, pafupi nawe pomwepo, kunatuluka Daughters Band, atsikana oimba okha zida zonse, ng'oma ndi besi yomwe. Amenewo uwafunefune, ucheze nawo.

Ndisaiwale amayi a kundende ya Zomba. Chimbale chimene akaidi anajambula kumeneko chinapikisana nawo pa mphotho ya Grammy mu 2016, koyamba kwa Malawi. Amuna anali ndi bandi yawo ndi magitala, pomwe amayi analibe zida zotere, koma nyimbo zawo zinalowa m'chimbalemo ndipo ndi zimene zimandiliza. Mphothoyo anatenga ndi mayi mnzawo, Angélique Kidjo wa ku Benin.

Ku Dzaleka kuja kunali ndende, kuyambira 1994 ndi msasa wa anthu othawa kwawo, ochokera ku Congo, Burundi, Rwanda ndi maiko ena, oposa 50,000. Kuyambira 2014 kumachitika Tumaini Festival, imene anayambitsa ndi mlakatuli Menes la Plume, ndipo polowa salipiritsa. Ndi pa Dowa pompa, ukapatuka pa Dowa Turn Off watsala pang'ono kufika. Upite ukamve atsikana a kumeneko akuimba m'Chiswahili ndi m'Chifalansa, ndipo ngati angakulandire, ukaimbe nawo. Ine ndidzabwera ndi anzanga a Chigwirizano kudzakuimbira nthungululu.

Pempho langa ndi ili. Phunzira chida chako mpaka uchidziwe bwinobwino, usamangodikira anyamata kuti akuimbire iwe n'kumangoika mawu. Nyimbo iliyonse imene wapeka ukailembetse ku COSOMA m'dzina lako, kuti ikamaulutsidwa pa wailesi ndalama zake zibwere kwa iwe. Ndipo pa tchuthi ubwere ndi foni yako yojambulira ija. Anamkungwi amene anandivinira ine atsala ochepa, ndipo agogo ako akadakumbukira nyimbo za pamtondo zimene palibe mtsikana akuziimbanso. Uwapemphe chilolezo, za m'tsimba uzisiye m'tsimba, koma zoimbika poyera uzijambule. Aliyense umufunse kuti nyimboyo anaimva kwa yani, ndipo ukadzaiika m'chimbale chako udzalembe dzina la mayiyo ndi mudzi wake.

Ndine mayi ako.