Nyenyezi ya ku Stuttgart m'fumbi la kwa Chinsapo

Mu Lilongwe, tsiku la Benz ndi Loweruka. Nyengo ya maukwati ikafika mumaipeza itaima pakhomo pa tchalitchi ku Kawale kapena ku Area 25, ataipukuta mpaka kuchita kuphanima, maliboni atayambira pa nyenyezi ya kutsogolo ija kukafika pa magalasi. Probox ndi imene yatuta nkhuni, mpunga ndi mipando sabata yonse, koma mkwatibwi sangakwere Probox. Akomiti amalolera kubwereka Benz ngakhale ya zaka 20, bola nyenyezi ikhalepo.

Pakati pa sabata nkhani imakhala ina. Yendani m'tinjira ta ku Area 23 kapena kwa Chinsapo, muzisuzumira m'mipanda. Simuchedwa kuona Benz itakhala pa njerwa, fumbi lili mbuu, nkhuku zikuusa pansi pake. Mwini wake mukamufunsa, yankho ndi lomwe lija: "Ikungodikira kachitsulo kamodzi kochokera ku Joni." Kachitsuloko nthawi zina kamadikiridwa mpaka mwana wobadwa chaka chomwecho kuyamba sukulu ya mkaka.

Eni magalimotowa ali m'magulu awiri, ndipo onse ndacheza nawo. Ena amalumbira kuti munthu akayendetsapo Benz sangakhutirenso ndi galimoto ina. Amanena za mmene imagwirira msewu ukamathamangira ku Dedza kapena ku Kasungu, mmene mabuleki ake amamvera, mmene chitseko chimatsekekera mwaulemu, komanso kuti umafika kumudzi msana usakupweteka. Ena amapukusa mutu n'kunena kuti idawadyera ndalama ya malata, nyumba n'kukhala pa mtanda zaka zitatu. Palibe akunama pa awiriwa. Chimene ndaphunzira n'chakuti dzina limene anthu amagula ndi galimoto imene imawafikira pakhomo ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo kusiyanaku kudachokera kutali.

Pa 29 January 1886, Karl Benz wa mumzinda wa Mannheim ku Germany adakalembetsa ku boma luso lake: ngolo ya matayala atatu yoyendera injini, yomwe ikathamanga kwambiri inkafika makilomita 16 pa ola. Anthu sadaikhulupirire. Amene adaichotsa manyazi ndi mkazi wake, Bertha, yemwenso chuma chake cha kwawo chidathandiza kuyambitsa ntchitoyo. Mu August 1888 adanyamuka m'bandakucha ndi ana ake awiri, Eugen ndi Richard, osamuuza bambo wa pakhomo, ulendo wa kwa mayi ake ku Pforzheim, mtunda wa makilomita 106, pafupifupi ngati kuchoka mu Lilongwe kukafika ku Mchinji. Malo omwetsera mafuta kudalibe, choncho adagula mankhwala ochotsera madontho pa zovala, otchedwa ligroin, m'sitolo ya mankhwala ku Wiesloch, n'kuthira mu injini. Paipi ya mafuta itatsekeka adaitokosa ndi phini ya chipewa chake. Waya atasupuka adamukulunga ndi lamba womangira sokosi. Mabuleki amatabwa ataperepeseka adapempha wosoka nsapato kuti akhomerepo chikopa. Pa zitunda anawo ankatsika n'kumakankha. Makaniko aliyense wa kwa Biwi atamva nkhaniyi angati mayiyu adali mnzake wa pa ntchito.

Kumbali ina ya dziko lomwelo, kufupi ndi Stuttgart, Gottlieb Daimler ndi Wilhelm Maybach ankapanga injini zawozawo. Wamalonda wina, Emil Jellinek, yemwe ankagulitsa magalimoto awo ku Nice, adaitanitsa galimoto yamphamvu n'kuumirira kuti ikhale ndi dzina la mwana wake wamkazi, Mercédès. Idatuluka mu 1901. Makampani awiriwa adaphatikizana mu 1926, ndipo dzina la Mercedes-Benz lidayambira pamenepo. Nsonga zitatu za nyenyezi ija zimaimira pamtunda, pamadzi ndi mumlengalenga. Mbiriyi ili ndi mbali yake yakuda imene ogulitsa saitchula: pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse kampaniyi idapangira gulu la nkhondo la Hitler malole ndi injini za ndege, ndipo idagwiritsa ntchito anthu zikwizikwi ogwidwa mokakamiza.

Ulemu umene Benz ili nawo kuno ku Africa udabwera makamaka ndi magalimoto a m'ma 1970 ndi m'ma 1980. Mtundu wa W123, womwe udapangidwa kuyambira 1976 mpaka 1986, udatuluka magalimoto pafupifupi 2.7 miliyoni, ndipo a dizilo ake, monga 240D, adagwira ntchito ya takisi zaka makumi angapo m'maiko ngati Morocco. Woyendetsa takisi wina wa ku Thessaloniki ku Greece, Gregorios Sachinidis, adayendetsa 240D ya 1976 mpaka kukwana makilomita 4.6 miliyoni, akumakonzanso injini kangapo, ndipo mu 2004 kampani idaitenga kukaisunga ku nyumba yake ya mbiri ku Stuttgart. Chinsinsi cha magalimoto amenewo sichidali chakuti sankawonongeka. Ankawonongeka ndithu, koma munthu wa masipanala, khutu lakuthwa ndi kuleza mtima ankatha kuwadzutsa. Mudalibe kompyuta. Adali okwera bwino pansi, ndipo dizilo wosasefeka bwino ankamumeza osadandaula kwambiri.

Ku South Africa kampaniyi yakhala ikulumikiza magalimoto ku East London kuyambira 1958. Nelson Mandela atatuluka m'ndende mu 1990, ogwira ntchito pa fakitale imeneyo adadzipereka kugwira maola owonjezera osalipidwa kuti amupangire Benz yofiira ya 500 SE, ndipo adamupatsa mu July chaka chomwecho ku Mdantsane. Fakitale yomweyo ndi imene yapanga ambiri mwa ma C-Class a chiwongolero cha kumanja. Ndiye kuti ina mwa ma C200 amene timati "ya ku Japan" idabadwira kwa anansi athu konkuno, n'kuwoloka nyanja kupita ku Japan, kukatumikira kumeneko zaka khumi ndi kuposerapo, kenaka n'kubwerera ku Africa itatopa.

Kwathu kuno nyenyeziyi tidaidziwira pa magalimoto a akuluakulu. Mwana wokulira kwa Mgona ankaiona ikudutsa pa M1 kupita ku bwalo la ndege, magalasi atatsekedwa, ndipo ankadziwa kuti mkatimo muli nduna kapena mwini kampani. Mu 2000 boma la Bakili Muluzi lidagulira nduna ma Benz 39 pa mtengo wa madola pafupifupi 2.5 miliyoni, ndipo maiko otithandiza, makamaka Britain, atakwiya, pulezidenti adalamula kuti agulitsidwe. Mu 2012 mayi Joyce Banda, atangokhala pulezidenti, adalengeza zogulitsa ndege ya pulezidenti pamodzi ndi ma Benz 60 a boma. Kawiri konse uthenga udali umodzi: galimoto iyi ndi ya anthu amene akudya bwino. Kodi tingadabwe kuti mphunzitsi, kalaliki kapena wogulitsa zitsulo mu Malangalanga, akapeza kangachepe, mtima umathamangira komweko?

Intaneti ndi imene idatsegula chitseko. Lero munthu ali pa foni yake ku Kawale amasankha galimoto ku Japan, n'kutumiza ndalama, galimoto n'kutsikira ku Dar es Salaam, kulowera pa Songwe, a MRA n'kutenga gawo lawo. Ku Japan galimoto imayenera kupimidwa ndi boma zaka ziwiri zilizonse, ndipo ya petulo ikapitirira zaka 13 msonkho wake umakwera, choncho eni ake amaitaya msanga. Chodabwitsa n'chakuti pa masamba ogulitsirapo, Benz yakale nthawi zambiri imakhala yosasiyana mtengo ndi Toyota ya msinkhu womwewo. Wogula amaona ngati watola. Koma chimene chatsika ndi mtengo wa galimoto yokha. Mashoko ake, pampu yake, masensa ake, zonse zikadali pa mtengo wa bwana amene adaigula ili yatsopano ku Tokyo. Wogula Benz ya zaka 15 amakhala wagula mabilu amene mwini woyamba adawathawa. Walira mvula walira matope.

Ndipo galimotoyo si ya akuluakulu athu ija. Kuyambira m'ma 1990 kampaniyi idayamba kulimbana ndi magalimoto a ku Japan pa mtengo, idakwatirana ndi Chrysler ya ku America mu 1998 n'kusiyana nayo mu 2007, ndipo magalimoto ena a nyengo imeneyo adatchuka ndi dzimbiri komanso mavuto a magetsi ngakhale kwawo ku Ulaya. Amene ali ndi C180 kapena C200 Kompressor amadziwa kaphokoso ka tcheni cha mu injini akamailiza m'mawa, chizindikiro chakuti tchenicho chatanuka ndipo chikalumpha injini ipita. Amadziwa za oilo amene amadontha n'kuyenda m'mawaya mpaka kukafika ku kompyuta. A C-Class ya kuyambira 2007 amadziwa tsiku lija loko wa chiwongolero amafa: ulowetsa kiyi, galimoto ili duu, ngakhale batire ili yodzadza. A E-Class ndi S-Class zoyendera mphepo m'malo mwa masipuling'i amadzuka n'kupeza galimoto itagwada mbali imodzi. Ku Germany zonsezi ndi ntchito ya tsiku limodzi. Kuno ndi nkhani ya kumapeto kwa mwezi, mwinanso miyezi.

Onjezanipo misewu yathu. Galimotoyi adaipangira tala wosalala, ndipo mimba yake ili pafupi ndi nthaka. Kuchoka pa msewu wa ku Likuni kulowa mkati mwa Chinsapo mu January, kapena kutsetsereka m'makwalala a ku Area 23 mvula itakokolola, ndi mayeso amene anjiniya a ku Stuttgart sadawaganizire. Sampu imakhula pa mwala, mabushi amatha msanga, madzi akalowa m'kabokosi ka magetsi galimoto imayamba kuyatsa nyali yokha usiku anthu n'kumati yalodzedwa. Ngakhale pa tala pomwe, mahampu ena omangidwa ndi manja aatali amaikwapula pansi tsiku ndi tsiku.

Kwa Biwi Triangle ndi kumene nkhani zonsezi zimakathera, ndipo amakaniko a kumeneko ndimawapatsa ulemu. Anthu amenewa amadzutsa minibasi imene kwina akadaigulitsa kwa ogula zitsulo. Koma luso limene limachiritsa Hiace likhoza kupha Benz. Chizolowezi chochotsa thermostat poti kuno n'kotentha, kuthira madzi a pa mpope mu radiyeta, kuthira oilo aliyense wopimidwa m'botolo, kudula waya n'kulumikiza mwachidule, kapena kumata tepi pa nyali yochenjeza kuti bwana asaione, zonsezi galimoto iyi siikhululuka. Makaniko woona mtima amanena poyera: "Bwana, iyi siifuna zoyerekeza, tiyeni tikaiike kaye pa mashini." Wosaona mtima amati, "Madala, tiyese kusintha pampu," mawa lake, "tiyese makoilo," mpaka thumba kubooka vuto likadali pomwepo. Chosangalatsa n'chakuti kwabwera achinyamata a laputopu, ophunzira zambiri pa YouTube, amene amawerenga vuto asanagwire sipanala. Ndi ochepa, ndipo eni ma Benz amapatsana manambala awo mobisa ngati a sing'anga wodziwa.

Vuto likadziwika pamatsala sipeya. Sipeya ya Corolla mumaipeza mutayenda masitepe ochepa kwa Biwi komweko. Ya Benz kawirikawiri imachokera ku Johannesburg pa basi, ku Dar es Salaam kapena ku Dubai, ndipo imagulidwa ndi ndalama zakunja. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, magalimoto ambiri amene ankayenda mokakamiza adaima. Ena adathamangira sipeya zotchipa za m'mabokosi okongola, zomwe zimatha mvula isanathe. Ena adayamba kusaka ya pa njerwa ija kuti aiphwasule. Lero mwini wake agulitsa nyali, mawa giyabokosi, mpaka patsala chigoba. Benz zambiri zimene zikuyenda mu Lilongwe zikuyendera ziwalo za zinzake zakufa.

Komabe alipo amene akhala nayo zaka zambiri mwamtendere, ndipo ndikawayang'ana amafanana. Si olemera kwambiri onse, koma ndi anthu a mwambo. Ali ndi makaniko mmodzi, ndipo salola wina aliyense kutsegula boneti. Oilo amathira woyenera, nthawi yake isanapitirire, ndipo wa mu giyabokosi samuiwala. Kaphokoso kakayamba salindira kuti kakule. Nyengo ya mvula ena amaisiya pamalo otetezeka kufupi ndi tala n'kumalizitsa ulendo pa kabaza, osachita manyazi. Ambiri ali ndi ka Vitz kapena ka Mira kopitira ku msika ndi ku chigayo, Benz n'kumatuluka pa ulendo wautali umene idapangidwira. Palinso madala a 190D ndi W124 zakale, omwe amaseka anyamata a Kompressor, galimoto zawo zikufuka utsi koma zikufika kumene zikupita. Ku Kanengo nako ma Actros amanyamuka ndi fodya kupita ku madoko osalephera, chifukwa mwini lole amadziwa kuti tsiku losamalira galimoto ndi gawo la bizinesi.

Ine sindili m'gulu la oseka munthu wa kwa Mgona kapena kwa Chinsapo amene wagula Benz. Kufuna chinthu chabwino si mlandu, ndipo amene amati wosauka azingokwera Probox moyo wake wonse amayankhula ngati kukoma kudalembedwera a ku Area 10 okha. Chimene sindigwirizana nacho ndi kugula ndi ndalama yomaliza, kuwerengera mtengo wa pa foni ndi msonkho basi, ngati galimoto ikafika pakhomo ndiye kuti kulipira kwatha. Inu amene mwaisunga kale pa foni C200 yoyera ija, musanatumize ndalama pitani kaye kwa Biwi Loweruka m'mawa. Mukafunse mtengo wa mashoko awiri a kutsogolo, tcheni cha mu injini, loko wa chiwongolero ndi oilo wake, mufunsenso kuti amene ali ndi mashini oiwerengera ndani. Kenaka mukayende wapansi msewu wolowera kwanu, mukuyang'ana miyala ndi maenje. Ngati mtima ukadali pomwepo ndipo ndalama yotsala ilipo, itanitsani.