Kale tsamba linkakhala phee

Ntchito yathu sinkadziwika kunja. Anthu ankadziwa mtolankhani chifukwa dzina lake linkatuluka pamwamba pa nkhani, ankadziwa mkonzi, ankadziwanso mnyamata wogulitsa nyuzipepala pa depoti ya basi. Ife oyala masamba tinali pakati, osaoneka. Nkhani ikabwera yotayipidwa, chithunzi chikatuluka m'chipinda chamdima, ndife tinkagamula kuti ichi chikhala apa, icho apo, mutu wa nkhani ukula chotere, ndime yomalizayi idulidwe poti malo atha. Ambiri amene ndinayamba nawo ntchitoyi mu Blantyre m'zaka za m'ma 1970 anatisiya. Ena tinakawagoneka ku manda a HHI, ena anawanyamula pa lole kupita nawo kwawo ku Mulanje, ku Ntcheu, ku Nkhata Bay. Otsalafe tikakumana pa maliro timawerengana ndi maso, ndipo sitichedwa kumaliza.

Makina amene ndinawapeza anali Linotype, aja anapanga Ottmar Mergenthaler, amene anayamba kugwira ntchito ku New York mu 1886. Anali ndi mabatani 90, ndipo kumbuyo kwake kunali kamphika ka mtovu wosungunuka, wotentha pafupifupi madigiri 280. Wotayipa akamaliza mzere, makinawo ankauumba wonse nthawi imodzi n'kuulavula uli wamoto. Ukaugwira mopupuluma, chala chinkatuwa. Ife tinkatola mizereyo, kuiyala pa tebulo lachitsulo m'kati mwa felemu, kenako kuimanga zolimba kuti pokweza pasagwe kanthu. Zilembo zinali zotembenuka, choncho tinazolowera kuwerenga mawu ali chadodolido. Mpaka lero munthu akakhala moyang'anizana nane n'kumawerenga kalata yake, ndimamaliza ndine iye asanafike pakati. Zovala zathu zinkanunkha inki ndi parafini. Ankatipatsa mkaka, amati umachotsa mtovu m'thupi, ndipo tinkamwa osafunsa.

Amene anandiphunzitsa anali aforomani athu, bambo wosalankhula zambiri, woyenda ndi rula yachitsulo m'thumba la ovolo. Anandiloweza kuti mapoyinti 12 ndi pika imodzi, mapika 6 ndi inchi, ndipo mpata wapakati pa makolamu ukachepa ndi poyinti imodzi ankauona ali patali. Koma phunziro lawo lalikulu linali pa zithunzi. Wojambula ankabwera ndi zithunzi zambiri za msonkhano umodzi, ine n'kufuna kuikapo zingapo. Iwo ankangoti, "Iwe mnyamata, tsamba likufuna chimodzi. Sankha." Ndikasankha ankafunsa chifukwa chake. Ndikayankha kuti n'chokongola, ankandibwezera. Ankafuna ndinene kuti nkhope iyi ikuyang'ana m'kati mwa tsamba, ikulozera diso la wowerenga ku mutu wa nkhani, ndipo dzanja lokwezedwali likunena zimene mtolankhani walemba m'ndime zitatu. Madalawo anamwalira kompyuta isanalowe m'nyumba yathu yosindikizira.

Mtovu unatha pang'onopang'ono. The New York Times inausiya mu July 1978, ife tinakhala nawobe ndithu. M'malo mwake munabwera mapepala osalala otchedwa bromide, amene tinkawadula ndi lezala, kuwapaka phula kumbuyo, n'kuwamata pa tebulo lowala kunsi. Zilembo zina zochokera kunja zinalibe ŵ, ndiye kachipewa kake tinkachita kujambula ndi cholembera, chimodzichimodzi, tsamba lonse. Inali ntchito yopweteka msana, koma dzanja lako linkakhala pa tsambalo.

Sindikunena kuti zonse zinali bwino. Anali masiku amantha. Dzina la Ngwazi ndi maudindo ake onse tinkaliwerenga anthu angapo, aliyense payekha, chifukwa chilembo chimodzi chikasokonekera pamenepo sunkadziwa kumene ugone usiku umenewo. Komabe ndi m'masiku omwewo m'mene tinaona mphamvu ya tsamba losayenda. Kalata ya maepiskopi a Katolika imene inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 March 1992 inali kabuku wamba, mawu akuda pa pepala loyera. Boma linalengeza kuti kupezeka nayo ndi mlandu, ndipo nyumba yosindikizira ya a Montfort ku Balaka, kumene inasindikizidwa, inatenthedwa. Koma kabukuko kanali katafika kale m'manja mwa anthu. Ankakabisa m'denga, m'kati mwa Baibulo, pansi pa mphasa, ndipo sikankafuna magetsi kapena netiweki kuti kalankhule.

Nthawi imeneyo kunja kunali kutasintha kale. Kampani ya Aldus ya ku Seattle inatulutsa PageMaker mu 1985, QuarkXPress inabwera mu 1987, ndipo tsamba lonse linayamba kuyalidwa pa sikirini. Kwathu kuno zinagwira moto cha m'ma 1993, chaka cha referendamu ya pa 14 June, pamene nyuzipepala zinamera ngati bowa mvula itagwa. Munthu akakhala ndi kompyuta imodzi ndi nkhani zokwana masamba asanu ndi atatu, basi, watsegula nyuzipepala. Tinasangalala, poti ufulu unafika. Koma ntchito imene inkadyetsa otayipa, omata, owerenga zolakwika ndi ojambula mafilimu inagwera munthu mmodzi. Anzanga ena, amisiri enieni, anathera pa ulonda wa usiku. Ine ndinaphunzira mbewa ya kompyuta tsitsi litayamba kale kuyera. Adobe itagula Aldus mu 1994, kenako n'kutulutsa InDesign mu 1999, ndinangotsatira. Mapoyinti ndi mapika anali omwe aja, ndipo tsamba likatuluka linkakhalabe phee.

Linayamba kugwedezeka mu 2010. Mu April chaka chimenecho Apple inatulutsa iPad, ndipo InDesign CS5 inabwera ndi zida zoikira vidiyo, mawu omveka ndi zinthu zoyendayenda pa tsamba. Mu May magazini ya Wired ya ku America inatuluka pa iPad ili ndi mavidiyo m'kati, yolemera pafupifupi mamegabaiti 500 kope limodzi. Mu February 2011 Rupert Murdoch anakhazikitsa The Daily, nyuzipepala ya pa iPad pokha, yopanda pepala ngakhale limodzi. Aliyense ankati tsogolo ndi limeneli.

Amene anandionetsa mmene zimachitikira ndi mdzukulu wanga wamkazi, amene anatengera ntchitoyi. "Agogo, n'chimodzimodzi ndi kuika chithunzi," anatero, ndipo sananame. Umajambula bokosi pa tsamba, n'kuitanitsa fayilo ya vidiyo, makamaka ya MP4. Ukatero umatsegula kagawo kotchedwa Media, pamene umasankha chithunzi choimirira chimene chizioneka vidiyoyo isanayambe. Umasankhanso ngati iziyamba yokha tsamba likangotseguka kapena izidikira kudinidwa, ngati izibwereza ikafika kumapeto. Pomaliza umatulutsa ntchitoyo ngati PDF yodinika, kapena EPUB yosunga tsamba mmene waliyalira, kapena, kuyambira 2015, umaitumiza pa intaneti kudzera pa Publish Online. Ukaisindikiza pa pepala, chimene chimatuluka ndi chithunzi choimirira chija basi.

Pa chithunzi chimenecho m'pamene mtima wanga unawawa. Pulogalamuyo ikhoza kukutolera yokha, ndipo achinyamata ambiri amangovomera chimene yatola. Nthawi zambiri chimakhala mdima wa koyambirira kwa vidiyo, kapena munthu atatsinzina, kukamwa kuli yasa. Chinthu chimene aforomani athu ankandiimitsira pa tebulo mpaka miyendo kuuma, lero chimasankhidwa ndi makina, ndipo palibe amene amadandaula chifukwa akuti vidiyo ifotokoza zonse. Palinso china chimene woyala masamba aliyense amachidziwa: diso limathamangira chimene chikuyenda. Ukhoza kukonza mutu wa nkhani bwinobwino, kusiya mpata woyera wopumirapo, kuika ndime yoyamba pamene diso liyenera kutera, koma pakona pakangoyamba kuyenda kanthu, zonsezo zapita. Wowerenga amaonera, akamaliza amatembenuza tsamba, nkhani osaiwerenga. Vidiyo yoyamba yokha ndi phokoso lake ndiye ndimaiona ngati chipongwe, makamaka kwa munthu amene watsegula magazini ali m'minibasi kapena akudikira pa chipatala.

Ndikanapirira zonsezi masambawo akanakhala ndi moyo wautali. Koma ambiri anamangidwa pa pulogalamu yotchedwa Flash, ndipo Steve Jobs wa ku Apple anali atanena kale poyera mu April 2010 kuti Flash sidzalowa mu iPhone ndi iPad. The Daily inatsekedwa mu December 2012 isanakwanitse zaka ziwiri. Pulogalamu ya iBooks Author, imene Apple inatulutsa mu 2012 kuti aphunzitsi azipanga mabuku okhala ndi mavidiyo, inathetsedwa mu 2020. Pa 31 December chaka chomwecho Adobe inasiya Flash Player, ndipo masiku ochepa pambuyo pake mafayilo ake anasiya kutseguka. Ndinathandizapo kuyala lipoti la bungwe lina lothandiza alimi, momwe tinaikamo amayi a kumudzi akufotokoza ndi pakamwa pawo za munda wawo wothirira. Analankhula bwino amayi aja, Chichewa chokoma, chosapita m'mbali. Lero mukatsegula lipotilo mupeza bokosi lotuwa. Popeza tinkadalira vidiyoyo, mawu awo sanalembedwe pansi pake. Pamene ku Zomba, ku National Archives, munthu amatha kupempha nyuzipepala za m'nthawi ya Nyasaland, zoyalidwa ndi manja a anthu amene mafupa awo anaola kalekale, n'kuziwerenga bwinobwino.

Komanso tisaiwale amene timawalembera. Kuno magazini ya pa kompyuta imayenda kwambiri pa WhatsApp, ndipo munthu asanaitsitse amayamba wayang'ana kulemera kwake, kenako bandulo yake. Fayilo yonenepa ndi vidiyo amaidumpha. Akalimba mtima n'kuitsitsa, mapulogalamu ambiri owerengera PDF pa foni saiseweretsa n'komwe vidiyoyo, ndiye ndalama yapita, iye waona chithunzi cha munthu wotsinzina. Nyuzipepala ya kale inkagulidwa ndi munthu mmodzi, n'kuwerengedwa ndi ofesi yonse, madzulo n'kufika pa bawo, mawa lake kwa telala. Ikatopa inkakutira makope a ana asukulu, ndipo mwana ankawerenga chikuto cha kope lake mphunzitsi akachedwa.

Koma chimene chimandisowetsa tulo si Flash ayi. Ndi usiku uja tinkatseka tsamba. Aforomani akati latsekedwa, linali latsekedwa. Cholakwika chimene chatsala chinali chako mpaka kalekale, n'chifukwa chake tinkawerenga ndi mtima wonse. Kenako makina aakulu ankayamba kugunda, nyumba yonse n'kumanjenjemera, ife titakhala pa mabelo a mapepala tikumwa tiyi wa m'ketulo imodzi. Kope loyamba likatuluka, inki isanaume, linkayenda m'manja mwa aliyense, ndipo wina ankaloza n'kunena kuti apa wayala bwino, achimwene. Tinkatuluka kunja kukucha, malole akunyamula mitolo kupita ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Mdzukulu wanga amagwira ntchito yekha m'chipinda chake, zomvera zili m'makutu. Tsamba lake silitsekedwa. Kasitomala akhoza kuimba foni pakati pa usiku kuti sinthani vidiyo, ndipo amasintha. Ntchito yake ndi yaukhondo kuposa yanga, mtovu sadzaupuma, ndipo mwa ichi ndimathokoza Mulungu. Koma palibe womuuza kuti apa wayala bwino, ndipo sindikudziwa kuti akadzakalamba adzakumbuka ndani.

Inu ana anga amene muli pa ntchitoyi lero, vidiyo ikani, sindikukuletsani. Pali zinthu monga gule kapena kaumbidwe ka mbiya zimene chithunzi chimodzi sichingazikwanitse. Koma chithunzi choimirira chija sankhani nokha, ndi maso anu. Isayambe yokha. Zimene munthu walankhula m'vidiyomo zilembeni pansi pake, kuti bokosilo likadzada mawu ake adzatsale. Fayilo ya MP4 muisunge padera. Ndipo magaziniyo musindikizeko makope angapo pa pepala, limodzi mukasiye ku Zomba.