Ulendo wa Kumpoto: Maiko Atatu m'Masiku Khumi

Munthu akaima pa mlatho wa Luangwa ku Mfuwe dzuwa likupendeka, amaona mapiri a Muchinga atandanda kumadzulo ngati linga. Kuseri kwa mapiriwo kuli Mpika, kuli msewu waukulu wopita kumpoto, kulinso njanji ya TAZARA yotsikira ku Dar es Salaam. Pa mapu malo amenewa ali pafupi nafe, koma palibe basi yokwera chitunda chimenechi. Kanjira kodutsa m'nkhalango ya nyama kamayendeka m'chilimwe mokha, ndiponso ndi galimoto zamphamvu zokha. Tsono ife a m'boma la Mambwe tikafuna kukafika ku Nakonde osatuluka m'dziko lathu, basi imayamba yatizungulitsa ku Chipata, ku Lusaka ndi ku Kapiri Mposhi, mtunda wa makilomita pafupifupi 1,700. Tikadzera kwa anansi athu a ku Malawi ndi ku Tanzania, mtundawo umangopitirira pang'ono makilomita 1,100.

Apa ndi pamene pali mwayi wa banja la ndalama zochepa lofuna kuona maiko. Maiko atatu angathe kuyendedwa m'masiku khumi, pa basi wamba, ndi ndalama ya thonje kapena ya chilimba. Koma ulendo wotere umakonzekera pakhonde, munthu asananyamule chikwama. Wolakwitsa pakhondepo amakagona pa siteshoni ya dziko la eni m'thumba muli mbee.

Nthawi yonyamuka

Miyezi yabwino ndi Juni, Julayi ndi Ogasiti. Apo chimanga chili m'nkhokwe, thonje lagulitsidwa, ndipo Lupande ndi Msandile yaleka kusefukira. Kumpoto kwa nyanja ya Malawi mvula imachedwa kusiya, mwakuti wopita mu Epulo angapeze matope amene kwathu atauma kale. Chinthu chimodzi chokha tisaiwale: ife ndife ana a m'chigwa, tinazolowera kutentha. Mfuwe ali pa mamita osapitirira 600 kuchokera pa nyanja yaikulu, pamene Mbeya ali pa mamita pafupifupi 1,700. Juzi ndi bulangete laling'ono zichokere kunyumba, chifukwa kukagula kumeneko ndi kudya ndalama ya basi. Ndipo popeza m'chilimwe njovu zimayendera nkhokwe usiku, pakhomo pasiyidwe munthu wamkulu wodalirika.

Mapepala nawo akonzeke kudakali nthawi. Mzika ya Zambia siifunika viza polowa m'Malawi kapena m'Tanzania pa ulendo wocheza, koma pasipoti ndiyo ikhale yosatha nthawi, ndipo mwana aliyense akhale ndi mapepala ake. Chiphaso cha tsiku chimene ena amadutsira pa Mwami kukagula zinthu ku Mchinji sichingatifikitse ku Karonga. Tipitenso ku chipatala kukafunsa za khadi lachikasu la katemera, ndipo ukonde wa udzudzu ulowe m'chikwama.

Njira yake

Tsiku loyamba timalawirira ku Mfuwe kapena ku Jumbe, kukwera zitunda za Mphata mpaka ku Chipata, makilomita ngati 130 kuchokera ku Mfuwe. Pa Mwami mu Disembala 2022 anatsegulapo nyumba imodzi yogwiriramo ntchito akuluakulu a malire a maiko onse awiri, motero mapepala amadindidwa pamalo amodzi. Dzuwa lisanalowe tili mu Lilongwe. Tsiku lachiwiri ndi la basi basi: makilomita oposa 350 kudzera ku Kasungu, ku Jenda ndi m'nkhalango ya mitengo ya paini ya Chikangawa, mpaka ku Mzuzu.

Tsiku lachitatu ndilo lobweza ndalama ya ulendo. Msewu wa ku Karonga umatsata mtsinje wa South Rukuru, kenaka pa Chiweta umayamba kutsetsereka mokhotakhota, ndipo mwadzidzidzi nyanja imaonekera pansi, yobiriwira, yopanda tsidya. Kwa mwana amene madzi aakulu amawadziwira pa dambo la mvuu, chimenechi sichiiwalika. Pamwamba pa mapiri a kumanzere pali Livingstonia, pamene Robert Laws anasamutsira mishoni ya Asikoti mu 1894.

Tsiku lachinayi tisakwere kanthu. Karonga ndi tauni yoyendeka ndi miyendo. Nyumba yake yosungiramo zakale, imene inatsegulidwa mu 2004, ili ndi chifanizo cha mafupa a chinyama chachikulu chotchedwa Malawisaurus, chimene mafupa ake anafukulidwa m'boma lomwelo. M'dera limeneli ndi mmene Mlozi, wogulitsa akapolo, anamanga malinga ake mpaka anagonjetsedwa ndi kuphedwa mu 1895. Pomwepanso mu Seputembala 1914 asilikali a Angerezi ndi a Ajeremani anamenyana, ndipo manda awo alipo. Madzulo tikadye mpunga wa kilombero ndi nsomba ya m'nyanja pa msika, pamene amadyera eni mudzi.

Tsiku lachisanu tiwoloka mtsinje wa Songwe, makilomita ngati 45 kuchokera ku Karonga, ndi kulowa m'Tanzania pa Kasumulu. Apa wotchi isunthidwe: nthawi ya ku Tanzania ili patsogolo ndi ola limodzi. Wosadziwa zimenezi basi imamsiya iye akuti nthawi idakalipo. Msewu umakwera kudzera ku Tukuyu, pakati pa minda ya tiyi ndi nthochi, phiri la Rungwe lili pambali, mpaka ku Mbeya. Tsiku lachisanu ndi chimodzi tiloza ku Tunduma, makilomita ngati 100. Amene ali ndi mphamvu angapatuke ku Mbozi kukaona chimwala chachitsulo chimene chinagwa kuchokera kumwamba kalekale, cholemera matani pafupifupi 16, chimene eni ake amachitcha kimondo. Madzulo tiwoloka kulowa mu Nakonde, ndipo tigona m'dziko lathu, pakati pa Anamwanga, kutali ndi kwathu kuposa mmene tinalili ku Lilongwe.

Pobwerera pali njira ziwiri. Yoyamba ndi ya sitima ya TAZARA, njanji ya makilomita 1,860 imene Atchaina anathandiza kumanga pakati pa 1970 ndi 1975. Imadzera ku Kasama, ku Mpika ndi ku Serenje mpaka ku Kapiri Mposhi. Koma sitima ya anthu siyenda tsiku lililonse, ndipo pa Kapiri pamatsala basi ziwiri kapena zitatu kuti munthu aone Jumbe. Njira ya thumba laling'ono ndi yachiwiri: kuchoka ku Nakonde kulowa m'Malawi pa Chitipa, ndi kutsikira ku Karonga pa msewu wa tala wa makilomita ngati 100. Limenelo ndi tsiku lachisanu ndi chiwiri. Lotsatira tigona ku Mzuzu. Lachisanu ndi chinayi titsika pa Jenda ndi kuwolokera ku Lundazi. Lakhumi tidzera ku Chipata ndi kutsikira m'chigwa. Ulendo wonse ndi makilomita pafupifupi 2,000. Chigawo cha Nakonde ndi Chitipa ndicho chili ndi galimoto zochepa, motero tisungire pamenepo tsiku limodzi lapadera ndi ndalama yake, kuti zikavuta tithe kubwerera njira ya ku Mbeya.

Kumene ndalama imathawira

Ambiri amaganiza kuti ndalama ya ulendo imathera m'basi. Zoona zake n'zakuti basi ili ndi mtengo wodziwika, umene munthu angafunse pa siteshoni ya ku Chipata asananyamuke. Ndalama imathawira pa malire. Mu ulendo uno timadutsa malire kasanu, ndipo timagwira ndalama za mitundu itatu: kwacha yathu, kwacha ya ku Malawi ndi shilingi ya ku Tanzania. Kusintha kulikonse kumadya kachigawo. Kwacha ziwirizi n'zofanana dzina lokha. Ya ku Malawi inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, choncho mtengo umene mbale wathu anatiuza chaka chatha tisaudalire. Safunsa anadya phula. Tifunse mtengo wa tsikulo ku banki kapena ku nyumba yovomerezeka yosinthira ndalama, tiulembe pa pepala, ndipo tipewe anyamata oyenda ndi mitolo ya ndalama m'manja, pakuti kuwerenga kwawo n'kofulumira kuposa maso athu, ndipo lamulo silili kumbali yathu zikalakwika. Tisinthe zokwanira masiku a m'dziko limenelo basi.

Ife timagawa ndalama m'milu inayi tisanachoke pakhomo: wa basi, wogona, wa chakudya, ndi wachinayi umene sukhudzidwa. Mulu wachinayiwu ukhale wokwanira kubweza munthu aliyense kunyumba kuchokera pamalo akutali koposa, ndipo usungidwe ndi munthu wina, osati wosunga milu itatu ija. Mphatso za otsala zigulidwe pobwerera, ndi zimene zatsala pa mulu wa chakudya. Chitenje cha ku Tunduma n'chokongola, koma sichingalipire basi ya ku Lundazi.

Pa chakudya, kamba wa kunyumba amapulumutsa masiku awiri oyamba: nsawawa zokazinga, mbatata yophika, botolo la madzi. Pogona, kuyenda anthu anayi kapena asanu ndi limodzi kumapeputsa, chifukwa chipinda chimagawidwa. Kalata ya bambo mfumu a parishi yathu imathandiza kuti tikafika ku Mzuzu, ku Karonga kapena ku Mbeya tilozeredwe malo oyenera, koma tiyambe tatumiza mawu, tisangotulukira usiku. Tiyende masana okhaokha. Basi ya usiku imaoneka ngati yapulumutsa ndalama yogona, koma imatibisira dziko limene tapitira.

Zimene tiyenera kusiya

Chovuta koposa pokonza ulendo si kusankha kopita, koma kuvomera kusiya. Tikafika ku Nakonde mtima umayamba kukoka. M'boma limenelo muli manda a Zwangendaba, amene anawolotsa Angoni pa Zambezi mu 1835. Cha ku Mbala kuli mathithi a Kalambo, otalika kuposa mamita 200. Kulinso Mambwe Mwela, malo a dzina lofanana ndi la boma lathu ngakhale kuti eni ake ndi mtundu wina, pamene ansembe a White Fathers, atachoka kwa Mponda ku Mangochi, anamanga mishoni yawo yoyamba m'dziko lino mu 1891. Iwo anayenda njira yomweyi, kuchokera ku Karonga kutsata msewu wakale wa Stevenson. Zonsezi n'zoyenera kuziona, koma chilichonse chimafuna masiku awiri ndi ndalama zake. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Gulu ligwirizane lisananyamuke kuti malo opatukira ndi amodzi okha, ndipo otsalawo akhale chifukwa cha ulendo wina.

Pali chinthu chimodzi chimene sichilira ndalama iliyonse. Pa njira ya ku Chitipa, tikayang'ana kummwera, timaona mapiri a Mafinga, pamalire a Zambia ndi Malawi. M'mapiri amenewo ndi mmene Luangwa amayambira, kamtsinje kakang'ono koti mwana n'kulumpha. Madzi amene amamiza minda yathu mu Febuluwale, amene amasunga mvuu ndi ng'ona ndi kukoka alendo a kutsidya kwa nyanja amene amapatsa ana athu ntchito, amachokera kumeneko. Mitengo ikatha ku Mafinga, ife a kwa Kakumbi, kwa Nsefu ndi kwa Malama tidzamva. Tiwalozere ana mapiriwo, adziwe kuti anthu a kumpoto, ngakhale chinenero chawo n'china, timamwa nawo mtsinje umodzi.