Keke ya Ukwati wa Mwana Wanga

Pokonzekera ukwati wa mwana wanga wachisamba, ndinadzipereka kuphika keke ndekha poti ndalama zogulira ya m'tauni panalibe. Ndinathira mchenga mumphika waukulu, ndikuuteleka pambaula, ndikusanjika makala pachivundikiro, monga momwe tinkachitira kusukulu ya uphunzitsi. Keke yoyesera inandichititsa manyazi: m'mbali inapserera, koma pakati panali phala lenileni. Mazira 12 anapita pachabe, ukwati utangotsala masiku atatu.

Anandipulumutsa ndi mayi ena okalamba a kumpingo kwathu, amene sanapondeko m'kalasi. Iwo anatenga msomali waukulu wopanda dzimbiri, nautsuka, naupaka mafuta, nauimika pakati pa chitini mutu uli pansi. Titathira zosakaniza zija, anachotsako makala ena nati, "Aphunzitsi, moto wambiri umapsereza kunja m'kati musanapse."

Ine amene ndinaphunzitsa sayansi zaka zambiri, ndikumauza ana kuti kutentha kumayenda msanga m'chitsulo, sindinaganizepo kuti msomali ungakufikitse pakati pa keke. Tinadikira maola awiri. Nditabaya ndi kamtengo, kanatuluka kouma. Kabowo ka msomali ndinakabisa ndi shuga, ndipo asewere anga sanadziwe kanthu.