Kalasi ya sosholoje ili m'zigafa za kwa Kaomba



Munthu akamachokera ku Lilongwe pa msewu wa M1, akangodutsa pa Chinkhoma pomwe pali okushoni ya fodya, phiri la Kasungu limayamba kuonekera lili lokhalokha pakati pa dziko lathyathyathya. Kumeneko ndi kwa Mfumu Kaomba. M'mbali mwa misewu yafumbi muli zigafa zaudzu, mabani a njerwa owotcheramo fodya ndi ngolo zonyamula nkhuni. Mwezi wa February ukafika mupeza banja lonse lili pansi kusoka fodya, zala zitada ndi utomoni.

Ndatchula dera limeneli chifukwa cha ana athu omwe ayamba kumene maphunziro a sosholoje, monga ku University of Malawi ku Zomba. M'chaka choyamba amauzidwa kuwerenga za Karl Marx, Emile Durkheim ndi Max Weber, kulemba asayimenti, kutchula mabuku omwe awerenga ndi kupereka ntchitoyo tsiku lisanapitirire. Zonsezi n'zoyenera. Koma wophunzira akangokopera pa intaneti zitsanzo za mafakitale a ku Ulaya, malikisi apeza, koma dziko lake salidziwa.

M'chaka cha 1959, C. Wright Mills adalemba buku la The Sociological Imagination, lomwe limaphunzitsa kulumikiza mavuto a munthu mmodzi ndi momwe dziko likuyendera. Kwa Kaomba phunziroli limaoneka ndi maso. N'chifukwa chiyani m'midzi ya Achewa muli mabanja ochokera ku Mulanje, Thyolo ndi Phalombe? Kwawo malo adachepa kaamba ka maesiteti a tiyi ndi kuchuluka kwa anthu, ndipo adabwera kudzagwira utenanti. Mpaka 1990 alimi ang'onoang'ono sankaloledwa kulima fodya wa burley, choncho phindu linkapita kwa eni maesiteti. Tenanti ankalandira phoso ndi feteleza pangongole, bwana n'kudzadula pogula fodya, mwakuti ena ankamaliza chaka chimanjamanja.

Nyumba ya Malamulo idathetsa utenanti mu 2021. Nanga mabanja aja ali kuti lero? Adabwerera kumudzi, akuchita maganyu, kapena dzina lokha ndi lomwe lidasintha? Mabelo akagulitsidwa ku Chinkhoma, amasunga ndalama ndani pakati pa bambo ndi mayi omwe adasokera limodzi? Awa ndi mafunso omwe asayimenti ya chaka choyamba ingayambe kuyankha.

Pempho langa kwa aphunzitsi ndi loti ntchito imodzi pa teremu izikhala yotuma wophunzira kumudzi. Ayambe walonjera anyakwawa, afotokoze chomwe wabwerera, apemphe chilolezo kwa aliyense wocheza naye ndipo asalembe maina a anthu, poti ena mawa adzapemphanso ganyu kwa bwana yemweyo. Asiyanitse zomwe waona, zomwe wauzidwa ndi zomwe akuganiza. Asafike ndi changu, paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ambiri mwa ophunzirawa fizi yawo idachokera m'mabelo. Adzakhala alangizi, atolankhani ndi okonza mfundo za boma. Ngati sadakhalepo pansi m'chigafa kumvetsera, mawa adzalemba malamulo okhudza anthu omwe sawadziwa.