Chitsulo Chokula Pamodzi ndi Mwana

Ife amene tikuphunzira za umoyo timazolowera kuganiza kuti chopindika n'chofunika kuchiwongola n'kuchimanga kuti chisasunthenso. Kwa wachinyamata amene watsala pang'ono kumaliza kukula, madokotala amachitadi zomwezo: amalumikiza mafupa a msana wopindikawo kuti akhale ngati fupa limodzi. Nanga mwana wa zaka 5 angatani naye?

Vutoli limatchedwa scoliosis. Msana umakhotera kumbali uku ukupotoka, ndipo nthiti zimatsatira. Likayamba mwana asanakwanitse zaka 10, nkhani sikhalanso ya maonekedwe ayi, koma ya mpweya. Mapapo amakula kwambiri m'zaka zoyambirira za moyo, ndipo amafuna malo. Mukaumanga msanawo msanga, chifuwa chimaleka kukula. Mukausiya, umapitiriza kupinda, mapapo n'kupanikizika.

Kwa zaka zambiri madokotala akhala akuika ndodo zachitsulo m'mbali mwa msana, zomangirira kumtunda ndi kumunsi kwa pokhotapo. Koma chitsulo sichikula. Choncho pafupifupi miyezi 6 iliyonse mwana ankabwerera ku opaleshoni kuti akazitalikitse. Tawerengani nokha: woikidwa ndodo ali ndi zaka 5 akhoza kung'ambidwa koposa ka 10 asanafike zaka 12. Ulendo uliwonse ndi mankhwala ogonetsa, chilonda chatsopano, masabata ojomba kusukulu, ndi mayi wodikira panja mtima uli m'mwamba.

Apa ndi pamene panabwera ndodo ya MAGEC, yopangidwa ndi kampani ya Ellipse Technologies ku California. M'kati mwake muli kamaginito kolumikizidwa ku sikuluwu. Dokotala amaika makina a maginito pakhungu la kumsana, kamaginito kaja n'kuzungulira, ndodo n'kutalika ndi mamilimita ochepa. Mwana amakhala ali maso, ndipo pakatha mphindi zowerengeka amanyamuka kupita kwawo. Mu 2012 dokotala Kenneth Cheung ndi anzake a ku Hong Kong anafalitsa zotsatira zoyambirira m'magazini ya The Lancet, ndipo mu 2014 bungwe la FDA linaloleza ndodoyi ku America.

Kunena zoona, ife achinyamata tikamva zotere timafulumira kuomba m'manja. Komatu nkhani sinathere pamenepo. Ndodo zina zinathyoka, zina zinakana kutalika. Akatswiri a ku Newcastle University atapima ndodo zochotsedwa mwa ana, anapeza kuti zinkaperesana m'kati n'kumatulutsa fumbi lachitsulo. Mu 2020 bungwe la MHRA linaimitsa kaye kuika ndodozi ku Britain. Ngakhale zonse zitayenda bwino, ndodo ili ndi malire a kutalika kwake. Mwana akaipitirira amafunika ina, ndipo ambiri amadzachitidwabe opaleshoni yomaliza akakula.

Sitikunyoza lusoli ayi. Mwana amene wapulumuka mpeni ngakhale kasanu wapindula chachikulu. Chimene chikutikhudza n'chakuti zofooka zake sizinaoneke tsiku loika ndodo. Zinaoneka chifukwa panali makolo osaphonya sikelo, anamwino olemba mamilimita mosatopa, ndi anthu ofunsa chifukwa chake chitsulo chaleka kugwira ntchito. Ambiri a ife mwina sitidzaigwirapo ndodo imeneyi, poti ndi yodula kwambiri. Koma ntchito yoyang'anitsitsa ija ndi yathu, kulikonse kumene tidzatumikire.

Ndipo imayambira pafupi. Muuzeni mwana aweramire kutsogolo, miyendo ili chiwongokere, manja akulendewera, inu muli kumbuyo kwake. Ngati mbali imodzi ya nthiti yatukuka kuposa inzake, kapena phewa limodzi limakhala lokwera akaimirira, pitani naye kuchipatala akamuunike. Musadikire kuti adandaule, chifukwa kawirikawiri msana wotere supweteka poyamba. Akuluakulu anati m'mera m'poyamba. Pa msana wa mwana, chaka chimene tachedwa sichibwereranso.