Zomwe mafilimu a asataniki andiphunzitsa pa Bvumbwe

Choyamba: filimu imodzi imakhala ndi oweruza awiri, ndipo sadziwana. Living in Bondage: Breaking Free, yomwe Ramsey Nouah anatsogolera mu 2019, inatamandidwa ndi ounika mafilimu ku Lagos, mpaka inatenga mphoto 7 pa mpikisano wa AMVCA mu 2020. Iwo ankayang'ana ukatswiri wa ojambula ndi osewera. M'zisakasa za vidiyo kufupi ndi msika wa Bvumbwe, momwe mumadzaza anyamata onyamula matumba a kabichi ndi othyola tiyi akalandira malipiro, filimu yamtunduwu siiweruzidwa choncho. Mumangomva wina akuti, "Mwaonatu? Zimachitikadi izi!" Kwa iwo ndi umboni.

Chachiwiri: chimene chimakoka anthu si magazi kapena mikanjo yofiira ayi, koma ndalama. Filimu yoyamba ya Living in Bondage, ya mu 1992, imene ambiri amati ndiyo inabala Nollywood, ndi nkhani ya Andy Okeke, mnyamata wotopa ndi umphawi amene apereka mkazi wake Merit ngati nsembe ku gulu lachinsinsi kuti alemere, kenako n'kuzungulira mutu. Ife nkhaniyi tinali nayo kale: kukhwima, zizimba, ndondocha. Munthu amene wathyola tiyi zaka zambiri osagula n'njinga yomwe, akaona mnzake wamanga golosale mwadzidzidzi, amafuna yankho, ndipo filimu imampatsa yankho losavuta. Apa ndi pomwe ndimasiyana ndi ounika a m'tauni amene amangoseka kuti mizukwa yake yajambulidwa mwachibwana. Mzukwawo ungakhale wachibwana, koma nsanje imene ukuidyetsa ndi yeniyeni.

Chachitatu: womasulira ndi mwini filimu wachiwiri. DJ akamaika Chichewa chake, amawonjezera zomwe eni ake sananene, ndipo zimenezo ndizo anthu amapita nazo kunyumba.

Chachinayi chimandilemera. End of the Wicked ya Helen Ukpabio, ya mu 1999, inaonetsa ana akutamba usiku, ndipo inadzudzulidwa kwambiri kuti inakolezera mchitidwe wonamizira ana ufiti ku Nigeria. Sindikunena kuti mafilimu ndiwo anabweretsa mphekesera za anamapopa mu 2017; mphekeserazo zinatisautsaponso mu 2002. Koma mantha atayamba ku Mulanje mu September n'kufalikira ku Phalombe, kuno ku Thyolo mpaka ku Blantyre, anthu osachepera 8 anaphedwa ndi magulu olusa, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma ena. Anthu anali atazolowera kale kuona m'mafilimu woipa akuzindikiridwa ndi nkhope yokha. Lamulo lathu la za ufiti la mu 1911 limaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti, koma limenelo palibe amalionetsa pa kanema.

Chachisanu: mafilimuwa nthawi zambiri amatha ndi m'busa akugonjetsa gulu loipa, ngati kuti choopsa chimachokera kunja kwa tchalitchi basi. Koma ku Shakahola, m'dziko la Kenya, mitembo yoposa 400 inafukulidwa kuyambira mu 2023, ya otsatira m'busa Paul Mackenzie, amene akuimbidwa mlandu wowauza kuti asale kudya mpaka imfa.

Inu olemba za mafilimu m'nyuzipepala, kwerani minibasi ya ku Thyolo, mutsike pa Bvumbwe, mukhale pa benchi limodzi ndi oonera musanalembe ndemanga zanu.